Khomo la Clarrie

Pa mpanda wa mimbulu, kumpoto kwa busa lathu, pali malo amene anthu onse a kuno amawatcha Khomo la Clarrie. Palibe khomo pamenepo. Pali waya basi, wolukidwa bwino kuposa pena paliponse kuchokera ku Nundroo mpaka kumilu ya mchenga ya kum'mawa. Amene amayendera mpanda masiku ano amatchula dzinalo pa wailesi ngati dzina wamba, sadziwa kuti linayamba ngati chipongwe cha ku bala. Clarrie Trewartha anali bambo anga, ndipo ndikamva dzinalo mtima umandiwawa, chifukwa theka la chipongwecho linayenera kukhala langa.

Ababa anayendera mpanda zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ntchito yake njosavuta kuifotokoza. Kunja kuli dingo, mmbulu wa dziko lino, mkati muli nkhosa, ndipo munthu wa mpanda amaonetsetsa kuti ziwirizi zisakumane. Ngamila zikagwetsa mizati, amaidzutsa. Wombati, nyama ya kuno yokhala m'mauna akuluakulu, akakumba pansi pa waya, amakwirira. Mphepo ikaunjika mchenga mpaka mmbulu n'kutha kungoyenda pamwamba pa mpanda, amauchotsa ndi fosholo. Ankanyamuka Lolemba ndi pikapu yawo, chitini cha tiyi, buledi ndi nyama yozizira ya nkhosa, n'kubwerako Lachinayi manja ali zilonda zokhazokha. Sanali munthu wolankhula. Amayi, asanatisiye, ankati anakwatiwa ndi mzati wa mpanda, kungoti mzati wake unkadya.

Mimbulu anapha yambiri, ndipo sankabisa. Koma anali ndi lamulo lawo limene aliyense ankalidziwa. Msampha uliwonse ankaukulunga kansalu ka chiphe m'mano mwake, kuti mmbulu ukakodwa n'kuyamba kuluma chitsulocho ufe msanga, usagone masiku atatu padzuwa ukudzitafuna mwendo. Anakhalapo zaka khumi osapatsana moni ndi mnzawo wina wa misampha chifukwa cha kansalu komweko. "Kupha ndimapha," ankatero, "koma sindizunza." Tili ana tinkangoti ndi zoyankhula za akuluakulu. Sindinkadziwa kuti lamulo limenelo lidzandidyera nkhosa.

Chaka chimenecho mvula inavuta. Ine ndi mwamuna wanga Darcy tinali titadyetsa mabusa onse mpaka kutsala fumbi, kupatula la kumpoto, logundana ndi mpanda, limene tinasungira nkhosa zabere. Zinayenera kulowamo pakati pa Ogasiti kuti zikaswere momwemo. Kunalibe kwina kozipititsa, ndipo tonse awiri tinkadziwa, ngakhale sitinkanena, kuti zikapanda kuswa bwino famuyo tiisiya.

Kumayambiriro kwa Julayi ndinapita kukaona ngati chomwera nkhosa cha m'busalo chikutulutsa madzi. Ndinadzera m'mbali mwa mpanda, ndipo pena pake ndinaponda buleki mwadzidzidzi mpaka injini inazima. Pansi pa mpanda panali bowo lokwana galu wamkulu. Silinali la wombati kapena la kangaru. Waya anali atadulidwa ndi chopanira n'kupindidwira m'mwamba, nsonga iliyonse itakhotetsedwa bwinobwino kuti isabaye chodutsapo. Kuno konse kunali munthu mmodzi yekha womaliza waya mwaulemu chotero. Pamchenga panali mapazi a mmbulu, olowa ndi otuluka, a tsiku lomwelo ndi adzana.

Ababa ndinawapeza pakamtunda kena mkati mwa busa langa, atagona chafufumimba, magalasi oonera patali ali m'maso.

"Ababa! Mwapenga kodi?"

"Tsika pansi, iwe Raelene. Mphepo ikupita uko."

"Mphepo? Mwandiboolera mpanda inu, ndiye mukundiuza za mphepo?"

"Ndati tsika. Pakamwa pakopo ngati wailesi ya mubasi."

Ndinagwada, koma osati chifukwa cha ulemu. Anandipatsa magalasi aja. Kutsogolo kwathu kunali thanthwe loyera lodzaza ndi mauna akale a wombati. Pakamwa pa una umodzi panali tiana ta mmbulu, todera, mitu ikuluikulu, makutu ogwa ngati a tiana ta galu wapakhomo. Kamodzi kanayesa kuthamanga, kanapunthwa pamwendo wake womwe n'kugwa chagada. Kanzake kanakaluma mchira. Ndinawerenga kawiri, ndipo ndinapeza tinayi.

Nkhani yake anandiuza pang'onopang'ono ngati munthu wozula minga. Masabata atatu m'mbuyomo anapeza dzenje pansi pa mpanda pamalo omwewo, nalitseka monga mwa nthawi zonse, waya wapansi n'kumukwirira mozama. Pobwerera tsiku lachiwiri anapeza magazi pa wayayo, ubweya, ndi dzino lothyoka. Chapatali, kunja kwa mpanda, kunaima mmbulu waukazi, mawere ali lende, ukuwayang'ana osathawa. Atazimitsa injini anamva kulira kwa tiana kuchokera pansi pa thanthwe, mkati mwa busa. Make anali atalowa kudzaswera mu una wa wombati, ndipo iwo anamutsekera kunja ali kosaka.

"Bwanji simunaphe tianato pomwepo?" ndinafunsa.

"Ndi chiyani? Unawo umapita pansi pa mwala kutalika ngati nyumba yako. Ndinakumba mpaka fosholo inapindika. Dzanja silifika, mfuti siona pokhota."

"Utsi wa galimoto?"

"Una wa makomo khumi? Ukanangotsamwitsa, osapha."

"Mukanaombera make basi."

"Kenako ana afe ndi njala masiku asanu ine ndikumva? Osaona, osamva, akungolira m'dzenje?" Anapukusa mutu. "Ndinatseka ndine, ndiye ndinatsegulanso ndine. Ndinati akayamba kutuluka okha ndidzamaliza onse tsiku limodzi, bwinobwino."

"Atulukatu awo. Mfuti ili kuti?"

"Sanatuluke onse. Alipo asanu. Wachisanu ndi wofooka, sanafike pakhomo. Ndikaombera lero athawira mkati, ndiye tabwerera pomwe paja."

Nthawi yomweyo wailesi yanga yam'manja inalira. Anali Darcy. "Mayi a Kym, madzi ali bwanji uko?"

Ababa sanandipemphe kanthu. Anangoyang'ana pansi. Ndinkadziwa bwino zimene zikanachitika ndikananena zoona. Munthu wa mpanda amene waboola mpanda ntchito imamuthera tsiku lomwelo, ndipo dzina lake limathera limodzi. Darcy naye ali mnyamata anaona mimbulu ikumaliza nkhosa za bambo ake, ndiye pankhani imeneyi analibe chibale. Khoswe anali atakhala pamkhate.

"Ali bwino, bambo a Kym," ndinayankha. "Zonse zili bwino."

Linali bodza langa loyamba kwa mwamuna wanga, ndipo linatuluka mosavuta mpaka ndinadziopa. Nditazimitsa wailesi ndinawauza Ababa kuti nkhosa zilowa pa 15 Ogasiti, kaya kugwe chiyani. Anati pofika tsikulo zonse zidzakhala zitatha kalekale.

Kuyambira pamenepo kukula kwa tiana tija kunasanduka wotchi yanga. Ndinkanamizira zomwera nkhosa n'kupita kukamtunda kuja kawiri pa sabata, ndipo nthawi iliyonse ndinkapeza china chasintha. Sabata imodzi maso anali obiriwira ngati a khanda losadziwa kanthu, sabata inayo ayamba kusanduka achikasu. Makutu anayamba kuimirira, koyamba limodzi, linalo likadali chogwa, ngati chipewa cha chidakwa. Miyendo inatalika. Mano anatuluka, ndipo make anayamba kukana kuyamwitsa chogona. Ankangoimirira pang'ono, kenako n'kuchoka tiana tikulendewera.

M'mawa wina ndinaona make akubwera kuchokera kubowo, mimba ili tolotolo. Tiana tinamuthamangira tikukwawa pansi, makutu kumbuyo, michira ikugwedera, n'kumamunyambita pakamwa mpaka anawerama n'kusanza nyama yonse imene anadya. Ndinanyansidwa. Ababa ananong'ona kuti, "Phala lawo limenelo. Iwenso amayi ako ankakutafunira." Inali nthabwala yawo yoyamba chimwalirireni amayi.

Ndisaname, ndinatikonda tianato, ndipo ndinkadzida chifukwa chotikonda. Koma Ababa anapitirira. Akapeza kangaru wogundidwa pamsewu ankamukokera kunja kwa mpanda, pafupi ndi bowo, kuti make asazolowere kusaka mkati. Anayambanso zina. Anthu a misampha onse amadziwa kulira ngati mmbulu, amafumbata manja pakamwa n'kutulutsa kulira kotalika kuja kuti mmbulu uyandikire mfuti. Ababa anali katswiri. Tsopano ankalirira tiana, osati kuti aombere, koma kuti amve tikuyankha. Tinkakweza timilomo m'mwamba n'kutulutsa timawu tosweka ngati anyamata a kwaya amene akusintha mawu, ndipo nkhalamba yanga inkagwedezeka mapewa ndi kuseka kosatulutsa mawu.

Mfuti inangokhala m'galimoto. Ndikafunsa, chifukwa chinalipo. Lero mphepo yaipa. Lero make ali pafupi, athawitsa ana kumauna ena. Lero kukuzizira, sanatuluke onse. Ndipo nthawi zonse, pamapeto pake, wachisanu uja.

"Ali kuti wachisanu wanuyo? Ine ndikuona anayi."

"Wangolowa kumene."

"Dzananso anali atangolowa kumene."

"Ndi wamantha. Amatuluka iwe ukachoka. Ali ndi phazi limodzi loyera, lakumanzere."

Sindinamuonepo ngakhale kamodzi. Mumtima ndinagamula kuti wachisanuyo ankakhala m'mutu mwa Ababa, kuti anamupeka kuti azipeza pothawira.

Kunyumba sindinkadya bwino. Lamlungu lililonse Ababa ankadzadya nafe, ndipo Lamlungu lina Darcy, akudula nyama, anati, "Bambo, agalu anga masiku ano akungonunkhiza kumpoto. Dzulo m'mamawa ndinamva ngati kulira, pafupi ndithu. Mpanda wanuwo sukukalamba limodzi ndi inu?"

Mpeni unagwa m'manja mwanga.

"Mpanda wanga ulibe nyamakazi," Ababa anayankha osakweza maso. "Kukazizira mawu amayenda patali."

"Ndimangocheza, bambo. Pa mpanda wanu ngakhale buluzi amapempha chilolezo." Darcy anaseka, nawaikira nyama ina m'mbale. "Komabe Lachitatu ndikazungulira busalo ndisanalowetse nkhosa."

"Ndipita ndine," ndinalumphira. "Inu muli ndi mpope wokonza."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anavomera. Chikhulupiriro chake chinkandiwawa kuposa mmene ukali wake ukanandiwawira.

Lachitatu lija ndinawapeza Ababa pamalo awo, ndipo ndinawafunsa maso ndi maso ngati adzaomberedi.

"Akakwana miyezi iwiri, make amawasamutsa," anatero. "Una umadzaza nthata, ana amafuna kuyenda. Adzawatulutsa yekha pabowo, ine n'kutseka. Palibe wofa, palibe nkhosa yolumidwa."

"Ndiye mfuti ija linali bodza."

"Silinali bodza. Tsiku lija silinali bodza."

"Chifundo chinapha nkhwali, Ababa. Nkhwali yake pano ndine. Mukusewera ndi famu ya mdzukulu wanu Kym."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Nanga akapanda kusamuka?"

Anangobwezera magalasi m'maso. Masiku anali atatsala khumi ndi awiri.

Masiku amenewo sindifuna kuwakumbukira. Nkhosa zinali zitalemera, zina mabere atayamba kudzaza, zikudya udzu wouma wotsiriza pafupi ndi nyumba. Tiana tija tinali titasanduka timimbulu ndithu, tofiira ngati mchenga, tikusaka ziwala ndi abuluzi kuzungulira thanthwe, tikulimbirana fupa mokalipa. Tinkamutsatira make mpaka theka la njira ya kubowo, kenako n'kuchita mantha n'kuthamangira kuuna. Tsiku lililonse tinkawonjezera mapazi angapo. Ine ndinkawerenga mapaziwo ndi maso, mtima uli m'mwamba.

Pa 14 Ogasiti m'mawa ndinapeza pikapu ya Ababa ili pabowo, iwo atagwada pamchenga. Anandilozera kunja. Pamulu wa mchenga, kuseri kwa mpanda, make anali ataima, ndipo kumbuyo kwake kunali ana, mmodzi, awiri, atatu, anayi. Anatiyang'ana pang'ono, kenako onse anatsikira kuseri kwa muluwo. Ndinamva ngati andichotsa thumba la simenti pamutu. Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira Ababa.

"Tsekani," ndinatero ndikuseka. "Tsekani msanga."

Iwo sanasunthe. Chala chawo chinali pamchenga. "Adutsa anayi. Taona wekha mapazi. Wamng'ono uja sanadutse."

"Ababa, musayambenso."

"Tsiku limodzi, mwanawe. Make abweranso kudzamutenga. Sangamusiye."

"Nkhosa zikulowa mawa m'mawa!"

"Uzichedwetse tsiku limodzi. Umuuze Darcy kuti madzi avuta."

"Ndimunamizenso? Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikunama chifukwa cha inu. Mukasiya potsegula, usiku abwereranso onse, ndiye mawa mudzati tsiku lina. Palibe wachisanu! Sindinamuonepo, palibe anamuonapo, mwamupeka nokha!"

"Sindinakunamizepo za mapazi, Raelene."

Ndinatulutsa wailesi m'thumba n'kuika chala pabatani. Mawu amene ndinanena ndimawakumbukira onse. "Mutseke pompano ine ndikuona. Apo ayi ndiitana Darcy, ndiitananso abwana anu, ndipo muwafotokozera nokha za wachisanu wanuyo."

Anandiyang'ana ngati sanandionepo. Kenako anaimirira pang'onopang'ono, anapita ku pikapu, natenga chopanira ndi mpukutu wa waya. Ntchito ya theka la ola anaigwira maola atatu. Mfundo iliyonse anaimanga ngati ikayesedwa pa chionetsero, waya wapansi anamukwirira kufika m'chigongono. Atamaliza anapita kuthanthwe, anagona pansi n'kuika khutu pakamwa pa una uliwonse. Kunali zii. Anafumbata manja nalira kamodzi. Palibe chinayankha mkati. Anati atchere misampha pamauna, ine ndinakana, chifukwa mawa lake agalu athu ndi nkhosa zinali kubwera momwemo.

Nkhosa zinalowa. Zinaswa bwino kwambiri, mapasa ambirimbiri, ndipo mvula inagwa pang'ono mu Sepitembala. Darcy anayambanso kuimba mluzu. Ine ndinadziona wanzeru, mpaka ndinkawaseka Ababa tikakhala awiri. "Wachisanu wanu uja akukula bwanji? Wayamba sukulu?" Sankaseka. Pochokera kumpanda ankadzera kuthanthwe, n'kuyenda wapansi ndi mfuti, koma pamwala mapazi saoneka, ndipo nkhosa zinali zitapondaponda paliponse.

Tsiku lina mu Okutobala anandiimitsa pakhomo la shedi. "Make akubwerabe pa waya," anatero. "Akumasanza nyama pamalo amodzimodzi, pafupi penipeni ndi mpanda, ndipo m'mawa nyamayo palibe. Mayi sabwerera pomwe palibe mwana."

"Makwangwala akudya amenewo," ndinayankha. "Zisiyeni, Ababa. Zinatha."

Anadikirira pamalopo m'mamawa kangapo, koma chimene ankadikiracho chinakulira pafungo lawo, chinkadziwa pomwe akhala. Kutayamba kutentha make anasiya kubwera. Madzi anali atauma kunja, ndipo mimbulu inasamukira kutali.

Sabata yachiwiri ya Disembala, dzuwa litangotuluka, wailesi ya m'khitchini inalira. Mawu a Darcy sindinawazindikire msanga. "Mayi a Kym, bwerani kumpoto. Mutenge bambo. Atenge mfuti ndi zipolopolo zonse."

Makwangwala tinawaonera patali. Ndinkayembekeza kupeza nkhosa zakufa, ndipo zikanakhala zakufa bwenzi zili bwino. Zinali zamoyo. Zina zinkakoka miyendo yakumbuyo yong'ambika. Zina zinaima chilili, matumbo akulendewera, ntchentche zili ng'waa. Kamwana kena kankayesa kuyamwa make amene analibe theka la ntchafu. Zinali zoposa makumi atatu, zomwazikana kuchokera pachomwera mpaka kuthanthwe, ndipo palibe imodzi imene inadyedwa mokwanira kukhutitsa galu.

Darcy ankalira poyera, munthu amene sanalire pamaliro a bambo ake. "Mmbulu wanji wochita chonchi? Wamisala?"

"Si wamisala," Ababa anatero. Anali atagwada pafupi ndi phazi lina pamatope a pachomwera. "Ndi mwana. Wophunzitsidwa ndi make amagwira pakhosi, nkhosa imodzi, n'kudya. Uyu palibe anamuphunzitsa. Njala ikumuwawa, koma sadziwa kupha. Akungoluma chilichonse chothawa."

Anaimirira, anaika zipolopolo mumfuti, nayamba kuyenda. Nkhosa iliyonse ankaiyandikira, kuiika dzanja pamutu, kenako kuombera. Darcy anafuna kuwathandiza, iwo anakana. Ndinaima pafupi ndi galimoto ndikumva kulira kwa mfutiko kukupita kutali, kumodzikumodzi, kwa ola lathunthu. Munthu amene moyo wake wonse anakana kuzunza chamoyo anali kuyenda pakati pa chizunzo chimene sindinachionepo.

Atabwerera, Darcy anali atapukuta maso. "Bambo, walowera pati? Mpanda ndauyendera wonse, palibe bowo."

Ndinadziwa kuti nthawi yanga yolankhula ndi imeneyi.

"Sanalowe," Ababa anatero. "Anabadwira muno. Ndinaboola mpanda ndine mu Juni, kuti make aziyamwitsa. Potseka ndinatsekera mmodzi mkati."

Darcy anabwerera m'mbuyo ngati wamenyedwa. "Inu? Mumadya patebulo langa Lamlungu lililonse, ine n'kumakufunsani, inu n'kumandiuza za nyamakazi?" Anatembenukira kwa ine. "Mayi a Kym, mumabwera kuno kawiri pa sabata. Simunaone kanthu?"

"Raelene sakudziwa kanthu," Ababa anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Amadzera njira ya kumpope. Ndinachita ndekha."

Ndipo ine, mwana wawo, wa pakamwa ngati wailesi ya mubasi, ndinakhala chete.

Zotsatira zake n'zachidule. Madzulo a tsiku lomwelo Ababa anaimbira abwana awo n'kudziulula okha, ntchito ya zaka makumi atatu ndi chimodzi inathera pa foni. Pofika Loweruka malo aja anali ndi dzina ku bala ya ku Penong, ndipo amuna amene kale ankawagulira mowa ankafunsana mokweza ngati Clarrie watseka khomo lake. Famu sitinaisiye, koma Darcy sanawaitanenso kudzadya Lamlungu. Ababa anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi m'kanyumba kawo kuseri kwa shedi, akulima tomato, ndipo sanauzepo munthu kuti anapempha tsiku limodzi n'kukanizidwa. Darcy ndinamuuza ndekha titachokera kumanda kokawaika. Madzi anali atatayika kale.

Koma izo zinadza pambuyo. Tsiku lija, Darcy atapita kukatenga thirakitala yokwirira nkhosa, Ababa anaika chipolopolo chimodzi mumfuti n'kuyamba kuyenda kupita kukamtunda kathu kaja. Ndinawatsatira. Sanandiletse, sanandiyang'anenso. Dzuwa linali litakwera, ntchentche zikutizungulira kumaso.

Sanagone pansi ngati kale. Anakhala pamwala poonekera, mfuti pamaondo, anafumbata manja pakamwa nalira. Sikunali kulira koitanira mmbulu wamkulu. Kunali kuja ankalirira tiana m'nyengo yozizira, kotsika, kothera m'mwamba pang'ono. Anadikira. Analiranso. Sindikudziwa chimene ndinkapempha, kuti atuluke kapena asatuluke.

Ulendo wachitatu kunabwera yankho, mawu osweka, kuchokera kuseri kwa thanthwe.

Anatuluka pang'onopang'ono. Anali wamng'ono kuposa msinkhu wake, nthiti zikuwerengeka, magazi a nkhosa zanga ataumira pachifuwa. Phazi lakumanzere linali loyera ngati lavala sokosi. Anaima n'kununkhiza mphepo. Miyezi iwiri anali asanamve mawu a mtundu wake, ndipo mawu awa ankawadziwa kuyambira ali mu una. Anayamba kubwera akukwawa, mimba pansi, makutu kumbuyo, mchira ukugwedera, akunyambita milomo yake, monga abale ake ankachitira make akabwera ndi nyama.

Ababa anamulola kufika pafupi kwambiri, pamene sakanaphonya. Mfuti inalira kamodzi.

Anapita pomwe anagwera, anagwada, nagwira phazi loyera lija kanthawi. Kenako, osatembenuka, anandifunsa ndi mawu awo a masiku onse.

"Anali angati, Raelene?"

"Asanu, Ababa."

Anagwedeza mutu. "Katenge fosholo m'galimoto."